Tambala Womaliza wa ku Tingolumikiza

Dziko limene lero tikulitcha Tingolumikiza kale linkatchedwa Tidyenji, ndipo ngakhale dzinalo linali lodandaula, anthu ake ankadya ndithu. Pa msika waukulu wa Zaolapano pankapezeka tomato, makasu, usipa, nsapato za matayala, ndi nkhuku zambirimbiri zomangidwa miyendo zikudikira tsoka lawo. Zinthu zinatembenuka chaka chimene Mfumu Mpumulabwino Wachisanu inapita ku msonkhano wa anthu olemera kutsidya kwa nyanja, n'kubwerako ndi chipewa chatsopano ndi nzeru imodzi. Chipewacho chinali chabwino.

Itangotsika ndege, Mfumu inaitanitsa nduna zake ndi aliyense wokhala ndi makutu kuti asonkhane kunyumba yachifumu.

"Anthu anga," inatero Mfumu, "kumene ndachokeraku ndaona zodabwitsa. Munthu wolemera koposa pa zamtengatenga alibe ngakhale wilibala. Wolemera pa nyumba zogona alendo alibe ngakhale mphasa. Wolemera pa zakudya sadziwa n'kukoleza moto komwe. Chimene ali nacho ndi bwalo basi, bwalo la pafoni. Wogulitsa amabwera yekha, wogula amabwera yekha, amakumana pabwalopo, mwini bwalo n'kutapako pang'ono ali khale pamthunzi. Ndiye ndinadzifunsa kuti, anthu anga analakwanji kuti azinunkha thukuta? Kuyambira lero, kupanga kapena kugulitsa chinthu chogwirika ndi manja ndi umbuli, ndipo umbuli ndauletsa. Aliyense akhale mwini bwalo!"

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhato kufiira. Mlimi wina wa kabichi, amene anakhala kumbuyo ndipo sanaone kuti anzake onse atseka pakamwa, anaimika dzanja.

"Pepani Mfumu, ine sukulu sindinapite nayo patali. Tonse tikakhala eni mabwalo, wobwera ndi kabichi pabwalopo adzakhala ndani?"

Amene anamuyankha anali Dokotala Mphwephwa, Nduna ya Masomphenya, munthu wamfupi amene ankavala magalasi pamphumi chifukwa maso ake analibe vuto. "Funso lanu, bambo, layang'ana kumbuyo. Ife tayang'ana kutsogolo." Mlimiyo anamuveka mendulo ya kulimba mtima, kenako anamusamutsira kumalire.

Pasanathe miyezi itatu dziko lonse linali mabwalo okhaokha. Akabaza anagulitsa njinga zawo kunja n'kutsegula mabwalo olumikiza oyenda pansi ndi anthu odziwa njira. Apolisi anasiya kuthamangitsa akuba, anatsegula bwalo loti wakuba ndi woberedwa azikambirana okha, akatha aliyense azipatsa mnzake nyenyezi, zisanu ngati wakhutira, imodzi ngati wanyansidwa. Mfumu nayo inasiya kuweruza milandu, inati iyo tsopano ndi bwalo la mabwalo onse. Chinthu chikalakwika, yankho linali limodzi kuchokera kumsika mpaka kunyumba yachifumu: "Ife timangolumikiza." Ndiye kumene kunachokera dzina latsopano la dzikolo. Mukandifunsa kuti anthu ankadya chiyani, ndikuuzani kuti ankadya bonongwe, chisoso ndi mango, zinthu zomera zokha zimene sizinamve lamulo la Mfumu.

M'dziko limenelo munali a Yotamu Kachigamba, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wamtali, woonda, wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuiwala chimene wapsera mtima. Kale ankakhoma ndowa ndi mbaula pa Zaolapano, ndipo ndowa yawo ikadontha mwini wake ankadziwa khomo lokagogoda. Lamulo litabwera nawonso anatsegula bwalo lawo, lotchedwa Ndowa Pompano, lolumikiza anthu ofuna ndowa ndi anthu ena ofunanso ndowa.

Tsono mlongo wawo, mayi Elube, anali ndi mwana wamwamuna, Fakisoni, amene anapeza mbeta kumudzi kwa Kwadyakale, dzina lake Edina. A Yotamu, pokhala atsibweni ake, ndiwo anali nkhoswe ya kuchimuna. Chinkhoswe anachiika Loweruka. Mwambo wake wa kumeneko ndi wodziwika: akuchimuna amapereka tambala, kusonyeza kuti mwana wathuyu takupatsani, azilira pakhomo panu, akuchikazi amapereka msoti. Popanda zimenezi, anthu angodyerana maso, banja palibe.

Nkhoswe ya kuchikazi inali a Chikakwiya, mphunzitsi wopuma ntchito, amene ankalankhula ndi aliyense ngati wachedwa kubwera m'kalasi. Iwowa ananeneratu poyera kuti, "A Kachigamba, za masiku anozi ndikuzidziwa. Ine ndikufuna tambala wamoyo, wa nthenga, woti ndikamugwira andikande. Mukabwera chimanjamanja, mubwererenso ndi mnyamata wanuyo."

"Tambala ndi nkhani, aphunzitsi?" anayankha a Yotamu akuseka. "Ndibwera naye wonenepa, muchita kumunyamula awiri."

Anaseka chifukwa anali asanayambe kufunafuna.

Lolemba anatsegula foni. Mabwalo a nkhuku anapezeka mazana anayi ndi khumi ndi awiri, lililonse likulonjeza tambala pakhomo mazira asanapse. Anasankha limodzi, anadina, uthenga unabwera: "Zikomo! Tambala wanu ali m'njira." Pafoni panaoneka kadontho kofiira kakuyenda pamapu. A Yotamu anasesa pakhonde, anakonza chingwe, anakhala pansi. Kadontho kanafika pamlatho, kanaima, kanabwerera, kanazungulira manda katatu, kenako kanalowa mumtsinje. Lachiwiri kanali kakadali mumtsinjemo, ndipo uthenga wina unabwera wowapempha kuti apereke nyenyezi pa utumiki umene alandira.

Lachitatu anavala jekete napita okha ku Zaolapano. Msika unali woyera ngati ausesera alendo. Mabenchi onse analipo, koma pamwamba pake panalibe ngakhale tsabola mmodzi. Panali zikwangwani zamitundumitundu, ndipo kuseri kwa chikwangwani chilichonse kunali munthu wowerama akusisita foni. Analunjika kwa mayi Nachanza, amene kwa zaka makumi awiri ankagulitsa nkhuku pafupi ndi pomwe iwo ankakhomera ndowa. Khola lawo lija anali atalipaka laimu, alowetsamo mpando, n'kulemba pamwamba kuti Kokoliliko Mabwalo Ogwirizana.

"Takulandirani, a Kachigamba! Mwabwera ngati wogula, ngati wogulitsa, kapena ngati bwenzi la chitukuko?"

"Ndabwera ngati munthu wofuna tambala, mayi."

"Mwafika. Tili nawo zikwi zinayi. Sankhani."

Anawapatsira foni. A Yotamu anayang'ana tambala woyamba: wofiira, wa nthenga imodzi yoyera kumchira, nkhope ya munthu wotopa. Wachiwiri anali wofiira, wa nthenga imodzi yoyera kumchira, atayang'ana kumanzere. Wachitatu anamuveka kachipewa.

"Mayi Nachanza, uyutu ndi tambala mmodzi yemweyo."

"Ndi mmodzi m'thupi, bambo, koma m'malonda ndi wambiri. Dikirani, ndikulumikizeni."

Mayiwo anadina, pempho linapita kwa mwini bwalo wa benchi yoyandikana nayo. Ameneyo analitumiza kwa mnzake wa bwalo loyerekeza mabwalo a nkhuku. Foni zinayamba kulira motsatana, mzere wa tomato, mzere wa usipa, mzere wa kaunjika, kuzungulira msika wonse ngati moto wolusa. Potsiriza inalira foni ya m'thumba mwa a Yotamu. Anaitulutsa nawerenga: "Wogula wina akufuna tambala mwamsanga. Kodi muli naye? Wogulayo ndi Y. Kachigamba, wa nyenyezi ziwiri, amafunsa mafunso ambiri."

A Yotamu anakhala pansi pa benchi yopanda kanthu. Mtima unawawawa kwenikweni, osati chifukwa cha nyenyezi ziwirizo, koma poganiza za Fakisoni, mwana amene iwo anamulera bambo ake atamwalira, amene kwa sabata yonse ankangomwetulira yekha ngati wamwa thobwa losasa.

Mayi Nachanza anawamvera chisoni. Anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Nkhuku zanga ndinadya lamulo litangotuluka, achimwene, tonse tinatero. Tinkati zibwera za ena. Watsala ndi mmodzi yekhayo, ali ku Unduna wa Masomphenya. Timapita kukamujambula Lachinayi lililonse. Koma musanene kuti mwamva kwa ine, ine ndimangolumikiza."

M'mawa mwake a Yotamu anaima nawo pamzere wa ojambula. Mzerewo unalowa mu Unduna, kudutsa maofesi ambirimbiri mmene akuluakulu a boma anali atagoneka mitu pamatebulo kuganizira za kutsogolo, mpaka kukafika m'chipinda chachikulu cha kapeti wofiira. Pakati pake panali khola la waya, mbali iyi msilikali, mbali iyo msilikali. M'kati munaima tambala uja, nthenga yoyera ili kumchira, pamwamba pali chikwangwani cha golide: Wolemekezeka Katundu Weniweni. A Yotamu atamuona misozi inalengeza. Zaka ziwiri zinali zitadutsa asanamve fungo la zitosi, ndipo sankadziwa kuti munthu angalisowe chonchi.

"Ameneyu ndikumufuna Loweruka," anauza mlembi amene anakhala pakhomo.

Mlembiyo anaseka mpaka kutsokomola. "Bambo, za ameneyu amalamula ndi Mfumu yokha. Mawa kuli bwalo la nduna, pitani mukasangalatse anthu."

Lachisanu a Yotamu anagwada pamaso pa Mfumu Mpumulabwino, nduna zonse zitakhala mozungulira, naomba m'manja katatu nafotokoza nkhani yawo. Asanamalize n'komwe, Dokotala Mphwephwa analumpha.

"Mfumu ya mafumu! Munthu uyu sakudziwa chimene akupempha. Pamsana pa tambala ameneyo paima mabwalo mazana anayi ndi khumi ndi awiri a nkhuku. Pamwamba pa amenewo paima mabwalo a mazira amene nkhukuzo zidzaikire, mabwalo a mafuta okazingira mazirawo, mabwalo a anthu odzatsuka mbale, ndi bwalo langa lophunzitsa anthu kutsegula mabwalo. Zonsezi zalukana ngati ukonde, chimodzi chikudyetsa chinzake. Alendo akabwera kudzafunsa kuti katundu wanu ali kuti, timawaonetsa iyeyo. Mukamuchotsa, Mfumu, dziko lino likhala chiyani?"

"Likhala lopanda tambala," anatero a Yotamu. "Panopa lili ndi mmodzi. Kusiyana kwake n'kochepa."

Mfumu inayasamula. Nkhani za chuma zinkaigonetsa tulo, koma mawu amodzi anali ataikola. "Iwe wati ndiwe nkhoswe. Nkhoswe ndi malonda anji?"

"Si malonda, Mfumu. Mnyamata akafuna mkazi, ine ndimaima pakati pa banja lathu ndi banja la mkaziyo."

"Mkaziyo ndi wako?"

"Ayi, Mfumu."

"Mnyamatayo unabereka ndiwe?"

"Ayi, ndi wa mlongo wanga."

Mfumu inadzuka pampando maso ali gwa. "Mphwephwa, wamva? Alibe mkazi, alibe mwana, koma amalumikiza! Ameneyutu ndi mwini bwalo weniweni, wochokera kwa makolo! Ndimanena ine kuti nzeru imeneyi ndi yathu yomwe, azungu anangotibera." Nduna zinaomba m'manja. "Tsono tiuze, mwana wanga, pa banja lililonse umatapako zochuluka bwanji?"

"Sinditapako kanthu, Mfumu. Amandipatsa nthutumba ya nkhuku tsiku la chinkhoswe, basi."

M'manja muja munayamba kuzirala.

"Nanga banjalo likavuta?" anafunsa Dokotala Mphwephwa mochenjera. "Mwamuna akakhala waulesi, kaya mkazi akathawa? Mumawauza kuti inu munangolumikiza, eti?"

"Ayi, bwana. Amabwera kwa ine. Mnyamata akalakwa, wolakwa ndine. Akadwala, amauza ine. Akamwalira, woyamba kumva ndine. Paja nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu."

Nduna ya Zamtendere inagwira pamtima. Nduna ya Zofalitsa Nkhani inalamula alembi kuti mawu amenewo asalembedwe, angawamve ana. Nduna ina yachikulire inafunsa mnzake monong'ona ngati matenda amenewa ndi opatsirana.

"Munthu woima pakati, n'kumayankhanso milandu?" inatero Mfumu. "Kwa zaka zingati?"

"Mpaka imfa, Mfumu."

"Bodza!" anakuwa Dokotala Mphwephwa. "Munthu wotero kulibe. Mfumu, tiyeni timuyese. Tambala timubwereke kwa ola limodzi, akamuonetse, amujambule, abwere naye. Koma poti bamboyu akuti amayankha milandu, asaine pano kuti tambala akapanda kubwera, m'kholamo alowa ndi iyeyo, ndipo ntchito zonse za tambalayo azigwira ndi iye."

Nduna zinaseka, Mfumu inaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo a Yotamu anasaina. Mumtima ankati ola limodzi ndi lokwanira: a Chikakwiya amugwira, awakanda, anthu aimba nthungululu, tambala abwerera kwawo. Anatuluka akudziyamikira kuti ndi ochenjera.

Loweruka tambala anapita ku Kwadyakale pa galimoto ya boma, atakhala kumpando wakumbuyo, saireni ikulira. A Yotamu anatsatira pansi chifukwa m'galimotomo munalibe malo a anthu wamba. Woyang'anira ulendowo anali Sajeni Mkwapatira, munthu wamimba yaikulu yotsalira ku nthawi yakale, amene anavala wotchi dzanja lililonse.

Pabwalo la chinkhoswe panadzaza anthu. Amayi anaimba, atsikana anabwera atafunditsidwa zitenje kumutu, Fakisoni analoza Edina wake osaphonya. Kenako inakwana nthawi ya nkhuku. Ankhoswe awiri anakhala pamphasa moyang'anizana.

A Chikakwiya ndiwo anayamba. Anakankhira kutsogolo lichero lovindikira ndi nsalu yoyera. A Yotamu anavundukula pang'ono nasuzumira. Munalibe msoti. Munali foni, ndipo pafonipo panali chithunzi cha nkhuku yofiira yojambulidwa chakumbuyo, nthenga imodzi yoyera ili kumchira.

Anakweza maso. Mphunzitsi uja, woopsa uja, thukuta linali kamukamu.

"Achimwene," ananong'ona a Chikakwiya, "ndayenda sabata yonse. Kadontho kanga kali mumtsinje. Ndiphimbeni."

A Yotamu akanatha kuwavula pagulu, ndipo kunena zoona lilime linawayabwa. Koma anavindikiranso lichero lija, nakweza mawu kuti onse amve: "Msoti tauona! Ndi wonenepa, wofatsa, sukutakataka n'komwe!" Nthungululu zinamveka mpaka kudambo.

Tsopano inali nthawi yawo. Sajeni Mkwapatira anatsegula khola, nayang'ana wotchi yakumanja, nayang'ana yakumanzere, nati, "Kwatsala mphindi makumi awiri." A Yotamu ananyamula tambala. Anali wofunda, wolemera, mtima wake ukugunda m'zikhato mwawo. Anthu anaimirira, ena kukwera pamapewa a anzawo. Ana obadwa m'nthawi ya mabwalo analira ndi mantha poona chithunzi chikuphethira. A Chikakwiya anamulandira ndi manja awiri, tambala anawakanda pamkono, iwo anamwetulira ngati adalitsidwa.

"Ndimugwire pang'ono ndikubwezereni, eti?" ananong'onanso.

Zikanathera pomwepo, aliyense n'kusunga ulemu wake. Koma mayi ake a Edina, mayi Nasiwelo, anali atamva za mphindi zija. Anaimirira, anamanga chitenje m'chiuno, nalankhula mosanong'ona.

"Pepani ankhoswe, ine ndine mkazi wosaphunzira, mundikhululukire. Tambalayu mwatipatsa kapena mwatibwereka? Chifukwa kwathu kuno tambala ndiye mwamuna. Ngati tambala ndi wa ola limodzi, tidziwiretu kuti mkamwininso ndi wa ola limodzi, mwana wanga asavutike n'kuyala mphasa."

Ng'oma zinaleka. Edina anaweramitsa mutu. Fakisoni anayang'ana atsibweni ake ndi maso omwe aja ankawayang'ana nawo ali wamng'ono akaboola ndowa ya eni ake. Mayi Elube anagwira pakamwa.

A Yotamu anachita mantha, tisabise. Anaona khola la waya lija m'maganizo mwawo, anaona msana wawo wautali, anaona kuti m'menemo munthu sangatambasule miyendo. Anayesa kufunafuna mawu apakati, aja amatuluka mosavuta m'kamwa mwa nduna, oti tapereka koma sitinapereke. Anawasowa. Zaka makumi anayi za kukhoma ndowa zinali zitawaphunzitsa chinthu chimodzi chokha, kuti ndowa imadontha kapena sidontha.

"Tapereka," anatero.

"Mwati bwanji, bambo?" anafunsa Sajeni Mkwapatira.

"Ndati tapereka! Tambala ndi wanu, mnyamata ndi wanu. Akakuvutani, dzina langa ndi Yotamu Kachigamba."

Zimene zinachitika kenako anthu amazisimba mosiyanasiyana, koma onse amagwirizana kuti azakhali atatu a Edina, amayi olemera thupi amene ankadandaula nyamakazi m'mawa wonse, anadutsa pamphasapo ngati kamvulumvulu, ndipo atadutsa m'manja mwa a Chikakwiya munatsala nthenga yokha. Sajeni Mkwapatira anafuna kuthamanga, koma anakumbukira kuti apolisi sathamanganso. Anatulutsa foni n'kutumiza uthenga ku bwalo la zadzidzidzi. Yankho linabwera msangamsanga: "Zikomo! Thandizo lanu lili m'njira." Kadontho kofiira kanayamba ulendo wake.

Fungo la tambala wootcha litayamba kutuluka kuseri kwa nyumba, amuna akuluakulu analira poyera. Ankhoswe awiri anagwira nkhuku yootchayo, wina mwendo uwu wina mwendo uwo, naing'amba pakati monga mwa mwambo, anthu mazana awiri nagawana kanyama kochepa ngati chikhadabo aliyense. A Yotamu anadya nthutumba yawo pang'onopang'ono, maso ali tsinzi. Sajeni anapatsidwa phiko, ndipo analandira ponena kuti akusunga umboni. Atatha kunyambita zala anawamanga a Yotamu mwaulemu kwambiri, ndipo ulendo uno m'galimoto munapezeka malo.

Mukuganiza kuti chuma cha dziko chinagwa? Sichinagwedezeke n'komwe. Zithunzi zinalipo kale zokwanira, ndipo mabwalo a nkhuku anawonjezeka ndi makumi atatu. Dokotala Mphwephwa analengeza pawailesi kuti Tingolumikiza ndi dziko loyamba pansi pano kufika pachimake, pokhala ndi malonda opanda katundu ngakhale mmodzi, ndipo Mfumu inalamula tchuthi cha masiku atatu. Komabe saini ndi saini. Khola analikulitsa pang'ono, a Yotamu analowa, chikwangwani cha golide chija osachotsa poti panalibe wodziwa kuzula msomali. Ankawapatsa madeya m'mbale yagolide. Ntchito imodzi yokha ndiyo anaikana, yolira m'mawa. Asilikali anawachonderera, mlembi anawaopseza, iwo anangokhala chete atapinda mawondo, nkhope ili ya munthu wotopa.

Chimene chinkawadya mumtima si khola. Kuchokera kunja sikunkabwera uthenga uliwonse, ndipo ankadzifunsa ngati anagulitsa msana wawo chifukwa cha banja limene mwina latha kale.

Patatha masabata atatu, masana ena, pakhomo panamveka phokoso. Analowa Edina akufulumira, dengu lili pamutu, Fakisoni akumutsatira kumbuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Mlembi anafuna kuwaletsa, Edina anangomuyang'ana, mlembiyo anakhala pansi. Awiriwo anagwada pa kapeti wofiira kutsogolo kwa waya.

"Ankhoswe, ndabwera ndi munthu wanuyu," anatero Edina. "Mumutenge."

"Walakwanji, mayi?"

"Ndinayenda mpaka kuphiri kukathyola bowa. Ndinaphika bwinobwino, ndi nsinjiro zomwe ndinachita kupempha. Iye wadya, wanyambita mbale, kenako watenga foni n'kundipatsa nyenyezi zitatu. Zitatu, ankhoswe! Mudzi wonse waona."

A Yotamu anatembenukira kwa Fakisoni. "Iwe, n'zoona?"

"Atsibweni, mchere unachepa pang'ono, ndiye ndimati ndikapereka zisanu adzasiya kulimbikira..."

"Sendera kuno."

Fakisoni anasendera. Dzanja lalitali linatuluka pa waya n'kugwira khutu.

"Mkazi wako ali pamphasa imodzi ndi iwe, mchere wachepa, pakamwa uli napo, iwe n'kukauza foni? Ine ndikudya madeya muno chifukwa ndinauza anthu kuti ndawapatsa mwamuna. Ukufuna anene kuti ndinawapatsa chithunzi?"

"Ayi, atsibweni! Khutu, atsibweni!"

"Pepesa. Osati kwa ine. Muyang'ane kumaso."

Fakisoni anamuyang'ana Edina kumaso, napepesa, mawu akuthyokathyoka. Edina anayang'ana kudenga nthawi yaitali ndithu, kuti mwamunayo aphunzire, kenako anati mcherewo unachepadi, koma akadzabwerezanso foniyo adzaipeza mumphika. Asilikali awiri aja anamvetsera kukamwa kuli yasa. Mmodzi anafunsa monong'ona ngati naye angabwere ndi akazi ake Lolemba, poti kwawo nkhani yawo ili pa bwalo la mabanja chaka chachiwiri tsopano.

Edina anatsitsa dengu, natulutsa kambale ka bowa yemwe uja, nakalowetsa pansi pa waya. A Yotamu analawa. Mchere unali wochepa kwambiri.

"Wakoma, mayi," anatero. "Pitani bwino."

Anawayang'ana akutuluka, akulimbirana dengu, wina akuti ndinyamula ndine, wina akuti mungaligwetse, mapewa akugundana mwadala. Banja linalipo. Linali lokangana, lopanda mchere, koma logwirika ndi manja. Chimwemwe chinawadzaza a Yotamu kuyambira kumapazi, chinakwera m'mawondo opindika aja, chinafika pachifuwa n'kusowa kolowera. Anaimirira mpaka mutu kugunda waya, anakupiza zigongono kawiri, anasolola khosi, nakuwa ndi mawu onse amene anasunga masabata atatu:

"Kokoliliikooo!"

Dzuwa linali paliwombo, koma m'maofesi onse a Unduna wa Masomphenya akuluakulu a boma anadzidzimuka, anadzutsa mitu pamatebulo, nayamba kufunsana kuti kodi kwacha liti.